Kupuma

Namwino akafunsa kuti, “Mayi, mwanayu akupuma bwanji usiku?” nkhani yake ndi ya mpweya wolowa ndi kutuluka m'chifuwa. Koma mlimi akatsamiritsa khasu pamzere n'kunena kuti, “Tiyeni tipumeko, dzuwa lakula,” akutanthauza kuleka kaye ntchito kuti thupi libwerere m'chimake. Mneni ndi mmodzi yemweyo. Ena amati kupumula pofuna kusiyanitsa, ndipo dzina loti mpumulo linachokera pamenepo. Mphunzitsi amene watsazika choko chifukwa cha zaka timati anapuma pantchito, ngakhale ena mwa iwo ndi pomwe amayamba kulima fodya.

Matanthauzo awiri oyambawo sanakumane mwangozi. Munthu wamkulu akangokhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi. Nkhawa ikamugwira, kaya ndi ya ngongole ya katapila kapena fizi ya ana, amayamba kupumira m'mwamba, mapewa ali njo, mtima ukugunda mofulumira. Akakoka mpweya ndi mphuno mpaka mimba kufufuma, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa mmene anaukokera, mtimawo umayamba kutsika liwiro. Mayi amene watula mtolo wa nkhuni n'kutulutsa mpweya wautali uja akuchita zomwezi osaphunzitsidwa.

N'chifukwa chake ine sindivomereza kuti munthu amene wagona pamphasa akuseweretsa foni, maso ali pa mauthenga a WhatsApp a omwe akumufuna ndalama, akupuma. Miyendo yokha ndiyo yapuma. Mpweya wake ukadali wa munthu amene akukwera chitunda.