Kapinga wa ku Kabwe ndi Cilimwe Cacitatu

Mu 1902, wofufuza miyala wina dzina lake T.G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pa tumapiri ta pakati pa dziko lathu. Malowo anawacha Broken Hill, kutengera mgodi wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo tauni imene lero timaicha Kabwe inamera m'mbali mwa mgodiwo. M'kalasi timaphunzitsa kwambiri za cigaza ca munthu wamakedzana cimene cinafukulidwa pamenepo mu 1921, cija cikali ku London mpaka lero. Za dothi la pamwamba sitikambapo kwenikweni, koma ndimo mmene ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa amasewera.

Mgodi unatsekedwa mu 1994. Lamulo lathu loyamba lalikulu loteteza cilengedwe ndi la 1990. Werengani nokha: pafupifupi moyo wonse wa mgodiwo, ng'anjo inali kufuka utsi popanda woifunsa. Cotsala ndi cimulu ca zinyalala za mgodi, matani mamiliyoni, cimene anthu amacicha Black Mountain. Mtovu suola. Mphepo ya mu Ogasiti imaunyamula ndi fumbi kupita nao m'makomboni. Mvula ikagwa, madzi amaukokolola kulowa m'ngalande yodutsa ku Chowa, ndipo ngalandeyo ikasefukira imautaya pa mabwalo a nyumba. Ofufuza a ku UNZA ndi anzao a ku Hokkaido University ya ku Japan anaupeza m'magazi a ana, ngakhalenso m'nkhuku zoyenda zokha.

Mankhwala a nthaka yotere ndi odziwika: kuikwirira ndi dothi labwino ndi kubyalapo zomera kuti mizu igwire. Ndi ndalama za World Bank, boma linayendetsa Copperbelt Environment Project kucokera mu 2003 mpaka 2011, ndipo Kabwe inalimo. Ngalande inakonzedwa, m'mabwalo ena munathiridwa dothi latsopano, kapinga anabyalidwa. Koma pamene a Human Rights Watch analemba lipoti lao mu 2019, fumbi linali likali kuuluka m'makomboni omwewo. Ine sizinandidabwitse. Kapinga amafuna madzi, ndipo mayi wogula madzi pa cigubu sangayambe ndi kuthirira udzu mphika ulibe.

Apa ndipo pagona nkhani imene ndifuna tiimvetse. Tsiku lobyala limakhala ndi alendo, makamera ndi masikipa atsopano. Koma ngati nthaka yacira kapena ayi, zimaoneka pa cilimwe cacitatu kapena cacinayi, pamene onse anabalalika kale.

Nchito yoyang'anirayo si yamatsenga. Woyeza amaika cimango ca mita imodzi mbali zonse pansi, pa malo omwewo caka ndi caka, ndi kulemba gawo limene laphimbika ndi zomera. Amaonanso mitundu yake. Ngati pali udzu umodzi wokha umene anthu anabyala, malowo akali odwala, koma pakayamba kumera tumitengo tobwera tokha ndi mbalame kapena mphepo, ndiye kuti nthaka yayamba kudzithandiza. Pa malo otsetsereka amakhoma zitsulo m'nthaka ndi kuyeza utali wa mbali yoonekera. Mvula ikatha, ngati citsulo catalika ndi masentimita awiri, dothi la masentimita awiri lapita, ndipo funso ndi lakuti lagwera pakhomo pa yani. Amajambulanso cithunzi ataima pa mwala umodzimodzi nyengo iliyonse, kuti kamfuleni kakang'ono kaonekere kasanasanduke cigwembe.

Masiku ano zithunzi za setilaiti, monga za Landsat zimene zinayamba mu 1972, zimaonetsa kubiriwira kwa malo ndipo n'zaulere pa intaneti. Koma cenjerani nazo. Mu Febuluwale Zambia yonse imabiriwira, ngakhale pa dzala. Cithunzi coona ndi ca mu Okutobala. Ndiponso setilaiti siingakuuzeni ngati m'masamba obiriwirawo muli mtovu, kapena ngati mbuzi zikudyapo.

Masamu ake mwana wa giredi 9 angawakwanitse ndi rula (sindikuti titume ana pa dothi limenelo, ayi ndithu). Covuta ndi kupeza wolipidwa kuti azibwerako zaka khumi, ndi kuti zimene wapezazo zizipacikidwa poyera, pa kiliniki kapena pa msika, osati kutsekeredwa m'kabati ku Lusaka.

Mu 2016 World Bank inavomerezanso ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni za pulojekiti ina ya m'matauni a migodi. Ana ambiri ku Kabwe anapimidwa magazi ndipo ena analandira mankhwala. Cimulu cija sicinakwiriridwe. Anthu akali kukumbamo kufuna mtovu ndi zinki zotsalira, ndipo malole amatuta dothilo kudutsa nalo m'tauni. Pa malo okumbidwa tsiku ndi tsiku palibe pokhoma citsulo coyezera.