Kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ku Malawi

Kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi mlandu m'dziko la Malawi. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, limaletsa munthu kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pamsewu wa anthu onse ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Oonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa ndi apolisi apamsewu, mogwirizana ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwenso imapereka malaisensi. Ntchitoyi imakula kwambiri m'dzinja, pamene misewu imakhala yoterera komanso anthu amakhala pa zisangalalo za Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Malire a mowa m'magazi

Ku Malawi dalaivala amaphwanya lamulo mowa wa m'magazi mwake ukafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza malire otsikirapo: 0.05 kwa madalaivala onse ndi 0.02 kwa achinyamata ndi omwe angoyamba kumene kuyendetsa. Chifukwa chake n'chakuti mowa umayamba kusokoneza maso ndi maganizo munthu asanayambe n'komwe kudzandira. Lipoti la bungweli la 2023 linaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse.

Chiwindi chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono, pafupifupi 0.015 pa ola limodzi. Choncho munthu amene wafika pa 0.08 amafunika maola oposa asanu kuti mowa umuthere. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya nsima yambiri sizifulumizitsa ntchito ya chiwindiyi, ndipo amene wachezera kumwa amatha kudzuka m'mawa mowa ukadali m'magazi.

Ntchito ya apolisi

Apolisi amaimitsa magalimoto pa marodibuloko okhazikika ndi ena ongoika mwadzidzidzi. Amaona laisensi, inshulansi, chiphaso cha COF chosonyeza kuti galimoto ili bwino, matayala, magetsi ndi chiwerengero cha anthu okwera. Akamukayikira dalaivala amamuuzitsa mpweya m'kachipangizo kotchedwa breathalyser, komwe kamaonetsa kuchuluka kwa mowa. Wopezeka wolakwa amalipitsidwa chindapusa kapena kutengeredwa kubwalo la milandu, lomwe lili ndi mphamvu zomulamula kukakhala kundende ndi kumulanda laisensi. Ngati pangoziyo pafa munthu, mlandu umakula.

Boma lakhazikitsanso malamulo ena okhudza mowa. Mu 2015 linaletsa mowa waukali wa m'masacheti, womwe unali wotsika mtengo komanso wosavuta kubisa m'thumba, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Komabe kachasu, yemwe amatchezedwa m'midzi, alibe muyezo wodziwika, moti womwa sangadziwe kuchuluka kwa mowa umene walowa m'thupi mwake.

Kuyendetsa m'nyengo ya mvula

Ku Malawi mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo nthawi zina chizimalupsa chimatsogola mu Okutobala. Mvula yoyamba ndi yoopsa chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta omwe akhala akudontha pa tala m'chilimwe chonse. Pamsewu wonyowa, mtunda womwe galimoto imayenda isanaime umatha kuwirikiza kawiri. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, kotero dalaivala amene mowa wamuchedwetsa kuponda buleki ndi sekondi imodzi yokha amakhala atapyola kale mtunda wonsewo.

Akatswiri a zapamsewu amalangiza kuchepetsa liwiro, kusiya mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo, kuyatsa magetsi mvula ikamagwa, kusintha matayala akutha ndi kumanga lamba. Amachenjezanso za kuwoloka mlatho womwe madzi akusefukira pamwamba pake, komanso za maenje apamsewu amene amabisika m'zithaphwi.

Chitsanzo cha kwa Njombwa

Dera la Mfumu Yaikulu Njombwa lili kumwera kwa boma la Kasungu, m'chigwa chomwe anthu ambiri amalima fodya ndi chimanga. Mbali imeneyi ya bomali ndi imene msewu wa M1 umadutsa pochokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kukafika m'tauni ya Kasungu. Ntchito yokonzanso msewuwu inayamba mu 2022 ndi thandizo la European Union ndi European Investment Bank.

Pamsewuwu pali Chinkhoma, umodzi mwa misika inayi ikuluikulu ya fodya m'dziko muno. Ina ndi ya Kanengo ku Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu. Msika wa fodya kawirikawiri umatsegulidwa cha mu Epulo, mvula ili kumapeto. Nthawi imeneyi malole onyamula mabelo amachuluka, alimi amalandira ndalama zawo za chaka chonse, ndipo malo omwera mowa m'misika ya m'mphepete mwa msewu amadzaza. Choncho m'derali nyengo yofunika kusamala kwambiri sithera pa Chaka Chatsopano, koma imapitirira mpaka msika wa fodya utatsekedwa.

Msewu womwewo amagwiritsanso ntchito oyenda pansi, ana asukulu, apanjinga zakapalasa, akabaza ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, zomwe zambiri sizikhala ndi zowala usiku. Anthu amenewa alibe chowatchinjiriza galimoto ikawawomba. Misewu yafumbi yolowera m'midzi ndi m'maesiteti imachita matope m'dzinja ndipo ili kutali ndi marodibuloko. Kumeneko chitetezo chimadalira kwambiri mafumu, magulu achitetezo cha m'mudzi ndi okwera eni ake, amene angathe kukana kukwera njinga yamoto kapena galimoto ya dalaivala wonunkha mowa.