“Pule” wa Klatchi: Chilema Kapena Mpata?

Mnyamata wina wophunzira umakaniko ku Livingstone, amene kwawo ndi kwa Mukuni, anandiseketsa tsiku lina. Pofuna kumasulira mawu a m'buku lake akuti free play, iye analemba kuti “masewera aulere”. Koma nditamva mmene amakaniko a ku Maramba, m'tauni momwemo, amalankhulira, kuseka kunandithera.

Iwo amangoti “pule”. Chiwongolero chikamagwedera, akuti chili ndi pule. Bering'i ya wilo ikatha, akutinso pule. Ndiye wophunzira amakula akudziwa kuti pule ndi chilema. Akapondako pedulo ya klatchi n'kumva kuti ikutsika pang'ono isanayambe kulimba, amathamangira sipanala, n'kumanga nati ya kebulo mpaka gwa!

Apa m'pamene mawu amawonongetsa galimoto. Kutsika kopanda kanthu kuja, komwe m'magalimoto ambiri kumakhala mamilimita 10 mpaka 20, opanga anakusiya dala. Kukasowa, bering'i yokankha klatchi imazungulira osapuma, klatchi imaterereka pokwera chitunda chochokera ku mlatho wa Victoria Falls, kenaka fungo la kupsa. Kukachulukanso, klatchi silekana bwino ndi injini ndipo magiya amakukuta polowa. Liwu limodzi lingatchule bwanji chilema ndi chinthu chofunika nthawi imodzi?

Ine ndimakonda “mpata wa klatchi”. Mpata ndi chinthu chimene munthu amasiya mwadala, monga pakati pa mapando pobzala chimanga. Uchepe, uchuluke, aliyense amamva kuti pali mlingo wake. Kugwedera kwa chitsulo chakutha tikutche “kukhwepa”, zinthu ziwirizi zisiyane. Koma “klatchi”, “giya” ndi “pedulo” tisalimbane nawo. Anakhazikika kale pakamwa, ndipo Mtonga, Mlozi ndi Mnyanja amamvana nawo pagalaja.

Gwero la vutoli ndi lakale. Kuyambira 1966 Chingerezi ndicho chakhala chiyankhulo chachikulu cha maphunziro mu Zambia. Chinyanja chili m'gulu la ziyankhulo 7 zovomerezeka za m'zigawo, koma mabuku ambiri a umisiri sanalembedwe m'ziyankhulozi. Wophunzira amaloweza mawu kuti akhoze mayeso, tanthauzo n'kukalitola pansi pa galimoto.

Aphunzitsi a ntchito zamanja, bwerekani mayina a zitsulo mmene mungafunire, koma pofotokoza chifukwa chake chinthu chimagwira ntchito motero, lankhulani chiyankhulo chimene mwana amaganizira.