Alangizi a Zamtokoma ndi Mbiri ya Lamya pa Njira ya Kacholola, 1899-2017

1.0 Mawu Oyamba

Kacholola ndi malo a m'mapiri pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, pakati pa mlatho wa Luangwa ndi boma la Nyimba. Eni dera ambiri ndi Ansenga, ndipo kale dera lonseli linkalamulidwa kuchokera ku Petauke. Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kulondola mbiri ya njira zotumizira mauthenga m'chigawo chimenechi, makamaka poona mbali ya akatswiri amene maboma ndi makampani akhala akuwaitana kuti apereke uphungu pa za lamya ndi kulumikiza makompyuta. Makolo adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndi woona, koma suuza munthu amene adzametedwe ndi kalumoko, kapena amene adzalipire wometayo. Tifunsa mafunso atatu pa nyengo iliyonse: adapereka uphungu ndani, udapindulira yani, ndipo udaperekedwa m'chilankhulo chanji.

2.0 Nyengo ya Waya

Waya woyamba wa telegalafu sudafike m'chigawo cha kum'mawa kuchokera ku Lusaka, pakuti mzindawu udakhala likulu mu 1935. Udachokera ku Nyasaland. Mu 1892 Cecil Rhodes adakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph ndi khumbo lolumikiza Cape Town ndi Cairo. Wayawo udadzera ku Tete ndi ku Blantyre n'kulondola gombe la nyanja kupita kumpoto, ndipo mu 1899 adaupatsa nthambi yochokera ku Domira Bay kukafika ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Chaka chomwecho Fort Jameson idakhala likulu la North-Eastern Rhodesia.

Amene adasankha njira ya wayayi adayang'ana zosowa za kampani ya British South Africa: kulamula asilikali, kusonkhetsa msonkho ndi kumva mitengo ya malonda. Midzi ya kumadzulo, ya ku Petauke mpaka ku Luangwa, idatsala kumbuyo, ndipo makalata a boma ankayenda pamitu ya amtengatenga. Pamene maiko awiri a North-Eastern ndi North-Western Rhodesia adaphatikizidwa mu 1911, likulu lidapita ku Livingstone, komwenso kudaikidwa makina oyamba olumikizira matelefoni mu 1913. Motero Kacholola idakhala kutali ndi waya wa kum'mawa, kutalinso ndi telefoni ya kumwera. Mlatho woyamba wa pa Luangwa, womangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndiwo udachititsa kuti derali likhale panjira.

Komatu amene ankafuna kwambiri kutumiza mauthenga anali eni midzi. Amuna ambiri a Chinsenga ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo maliro, matenda ndi milandu ya kumudzi zinkawapeza mochedwa. Telegalamu inkalipitsidwa powerenga mawu, ndipo munthu wosadziwa kulemba ankadalira kalaliki. Uthenga wa maliro, umene pa mwambo wathu umanenedwa mozungulira ndi mwaulemu, unkadulidwa kuti ukwane m'mawu ochepa.

3.0 Phunziro la Wailesi

Wailesi idayenda njira ina. Boma lidayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Lusaka mu 1941, ndipo nkhondo itatha nyumbayo idakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, yomwe inkamveka ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia m'zilankhulo za anthu, kuphatikizapo Chinyanja. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, adaona kuti kuulutsa mawu kulibe phindu ngati anthu alibe chomvera. Adakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo mu 1949 kudatuluka kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulitsidwa pa mapaundi 5.

Sitikuiwala kuti wailesiyi idakhazikitsidwa kuti ifalitse maganizo a boma la atsamunda. Koma tikaona momwe idafalikira, tipeza mfundo imene akatswiri a pambuyo pake ankaiphonya kawirikawiri: chipangizo chimalowa m'mudzi pamene mtengo wake uli wofikirika, mphamvu yake ili yopezeka, ndipo mawu ake ali omveka kwa mwini nyumba.

4.0 Nyengo ya PTC ndi Malipoti a Akatswiri

Ufulu utabwera mu 1964, Zambia idapeza kuti njira zake zambiri zolankhulirana ndi maiko akunja zinkadzera kumwera, m'manja mwa maboma odana nayo. N'chifukwa chake mu 1974 idatsegula siteshoni ya setilaiti ya Mwembeshi, ndipo mu 1975 idakhazikitsa bungwe la Posts and Telecommunications Corporation, lodziwika kuti PTC. M'zaka zomwezo mabungwe a ITU ndi UNDP adatuma akatswiri kuti ayeze njira za ndondomeko ya PANAFTEL, yofuna kulumikiza maiko a mu Africa mwachindunji, kuti munthu wa ku Lusaka asamadzere ku London polankhula ndi mnansi wake.

Luso la nyengoyi linali la mafunde a microwave. Mafunde amenewa amayenda mowongoka ngati kuwala, choncho nsanja imodzi iyenera kuonana ndi inzake, ndipo amazimanga pamwamba pa mapiri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa ina. Mzere wotere ndiwo udalumikiza Lusaka ndi Chipata. Koma mzere waukulu sutsitsa mawu m'mudzi uliwonse umene wadutsa. Kuti mawuwo atsike pamafunika makina olumikizira, magetsi ndi waya wopita ku nyumba iliyonse, ndipo zimenezi zinkaikidwa pa boma pokha. Mlimi wa ku Kacholola ankatha kukhala pansi pa mawu a anthu a ku Lusaka ndi a ku Chipata, iye mwini alibe poimbira.

Vuto limeneli lidadziwika padziko lonse. Komiti ya ITU yotsogozedwa ndi Sir Donald Maitland idamaliza lipoti lake, The Missing Link, kumapeto kwa 1984. Lipotilo lidaonetsa kuti mzinda wa Tokyo wokha unali ndi matelefoni ambiri kuposa Africa yense, ndipo lidapempha kuti pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 munthu aliyense akhale pafupi ndi telefoni. Uphungu unali wabwino. Chimene chidasowa ndi ndalama, pakuti mtengo wa kopa udali utagwa kuyambira mu 1975 ndipo ngongole zidali zitapanikiza boma.

5.0 Uphungu Wochokera M'kati: ZAMNET

Chitsanzo chosiyana ndi zimenezi chidachokera ku Yunivesite ya Zambia. Mu 1991 nthambi ya makompyuta ya pa yunivesiteyi, motsogozedwa ndi Mark Bennett, idayamba kutumiza makalata a pa kompyuta kudzera mu njira ya FidoNet. Kompyuta inkasonkhanitsa makalata, n'kuimbira inzake ya kunja pa waya wamba wa telefoni, n'kusinthana zonse m'mphindi zochepa. Njirayi idayenerana ndi mawaya ofooka a nthawiyo. Anthu ogwiritsa ntchito atachuluka, yunivesite idakhazikitsa kampani ya ZAMNET mu 1994, mothandizidwa ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Mu Novembala chaka chomwecho Zambia idalumikizidwa mokwanira ku intaneti kudzera pa waya wobwereka wopita ku Cape Town, ndipo idakhala limodzi mwa maiko oyamba kutero kumwera kwa Sahara.

Kusiyana kwake n'koti opereka uphungu anali omwewo okonza makina akawonongeka, ndipo adaphunzitsa Azambia amene adapitiriza ntchitoyo. Komabe intaneti imeneyi inkadalira telefoni ya waya ndi magetsi, ndipo inkalankhula Chingerezi. Ku Kacholola idamveka ngati mbiri chabe.

6.0 Mlandu wa Zamtel

Mu 1994 boma la Frederick Chiluba lidagawa PTC pawiri, kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo lidakhazikitsa bungwe loyang'anira zamtokoma lomwe mu 2009 lidasanduka ZICTA. Makampani a foni za m'manja adalowa: Telecel, imene MTN idaigula mu 2005, ndi Celtel, imene idasanduka Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010. Zamtel idalephera kupikisana nawo, ndipo boma lidaganiza zoigulitsa.

Apa m'pamene ntchito ya alangizi idakhudza chigawo cha kum'mawa pandale. Mu Disembala 2008 unduna wa zamtengatenga ndi mtokoma udasainirana pangano ndi kampani ya RP Capital Partners, yolembetsedwa ku Cayman Islands, kuti iwerengere mtengo wa Zamtel. Nduna yake inali Dora Siliya, phungu wa Petauke Central. Mu 2009 bwalo lapadera lidagamula kuti ndunayo idaphwanya malamulo oyendetsera dziko posalabadira uphungu wa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Ndunayo idatula pansi udindo, koma bwalo lalikulu lidathetsa chigamulocho chaka chomwecho, ndipo idapatsidwa unduna wa maphunziro. Mu 2010 magawo 75 pa 100 aliwonse a Zamtel adagulitsidwa ku kampani ya LAP Green ya ku Libya pa mtengo wa madola 257 miliyoni. Michael Sata atapambana chisankho mu 2011 adakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi nduna ya zachilungamo Sebastian Zulu, yomwe idati kugulitsako sikudatsate malamulo. Mu Januwale 2012 boma lidalanda kampaniyo, ndipo mu 2017 bwalo la ku London lidalamula Zambia kulipira LAP Green madola 380 miliyoni.

Sitili pano kuti tiweruzenso mlanduwu. Chimene tikufuna kuonetsa ndi kapangidwe ka malipiro. Mphotho ya alangiziwo inali magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengo wogulitsira. Munthu amene malipiro ake adalira kuti mbuzi igulitsidwe sangafunsidwe ngati n'koyenera kuigulitsa. Ndipo zinthu zitatembenuka, ngongole idagwera okhometsa msonkho, kuphatikizapo mayi wogulitsa nthochi pa Nyimba, amene sadaonepo ngakhale tsamba limodzi la panganolo.

7.0 Nsanja ndi Chilankhulo

Foni ya m'manja ndiyo idatsitsira mawu m'midzi. Itatha nyengo ya mpikisano wa makampani m'matauni, ZICTA idamanga nsanja zoposa 200 m'madera a mafumu, ndipo mu 2017 boma lidayamba gawo lachiwiri la nsanja 1,009, zomangidwa ndi Huawei pa ngongole ya madola 280 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China. Loto la Maitland lidayandikira, ngakhale mochedwa ndiponso pa ngongole.

Kwa ife a zilankhulo, chochititsa chidwi n'chakuti anthu adapanga okha mawu a luso limeneli popanda komiti. Mawu akale monga lamya ndi mtokoma adakhalabe m'zolembedwa ndi pa wailesi, pamene pakamwa padadzala foni ndi netiweki. Malire a maiko adasiyanitsanso mawu pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi: wa ku Petauke amagula tokotaimu pamene wa ku Mchinji amagula mayunitsi, ndipo kuliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula, wina amati kupeja, wina kufulasha. Koma zolembedwa zambiri zotsogolera munthu potumiza ndalama pa foni, ndi mapangano amene amavomereza, zidabwera m'Chingerezi. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zovomerezeka m'masukulu ndi pa wailesi ya boma la Zambia, pamene Chinsenga sichili pa mndandandawo. Motero Mnsenga wa ku Kacholola amatalikirana ndi makinawo kawiri.

8.0 Mawu Omaliza

Chilankhulo chathu chili ndi mawu angapo a munthu wopereka nzeru: mlangizi, phungu, namkungwi, nkhoswe. Mwa onsewa, nkhoswe ndiye satha ntchito pa tsiku la ukwati, pakuti banja likagwedezeka amaitanidwanso kudzayankha. Mbiri imene talondolayi ikuonetsa kuti uphungu udapindula pamene wouperekayo adakhala ngati nkhoswe, monga zidachitikira pa ZAMNET, ndiponso pamene chipangizo chidalankhula chilankhulo cha mwini mudzi, monga wailesi ya mu 1949. Pamene mlangizi adalandira mphotho yake n'kukwera ndege, zotsala zidagwera anthu amene sadafunsidwe.

Tikupempha nthambi za zilankhulo za mu Africa m'mayunivesite a Zambia, Malawi ndi Mozambique kuti zisonkhanitse mawu a zamtokoma amene anthu akugwiritsa ntchito kale, a Chichewa ndi a Chinsenga omwe, ndi kuwasanja kuti aphunzitsi awapeze. Tikupemphanso kuti pangano lililonse lalikulu la boma pa ntchito zimenezi lizifotokozedwa mwachidule m'zilankhulo za anthu lisanasainidwe. Safunsa adadya phula, koma munthu sangafunse za chinthu chimene chalembedwa m'mawu amene iye sawamva.