Bwalo la Lachisanu la ku Google: chiyambi chake ndi kuzilala kwake

Kampani ya Google ikadali yaing'ono, oyambitsa ake Larry Page ndi Sergey Brin ankasonkhanitsa antchito onse Lachisanu lililonse. Mwambowu unayamba mu 1999 ndipo ankautcha TGIF. Munthu ngakhale wolembedwa dzulodzuloli ankatha kuimirira n'kuwapanikiza mabwana ndi funso lowawa. Antchito atachuluka, mafunso ankalembedwa pa kompyuta, anthu n'kumavotera oyenera kuyankhidwa. Koma ufuluwo unali ndi malire: za m'nyumba zisatuluke panja. Mark Jen anazionera yekha mu 2005, pamene anamuchotsa ntchito asanakhalitse n'komwe, chifukwa cholemba pa intaneti zochitika za m'kampanimo.

Nkhani ya Steve Yegge ndi yoseketsa koma ikuonetsa bwino pamene panali malirewo. Mu 2011 analemba kalata yaitali yodzudzula kapangidwe ka Google+, malo ochezerapo pa intaneti amene kampaniyo inali nawo, n'cholinga choti awerenge anzake a kuntchito okha. Mwangozi anaiika poyera, pa Google+ yomweyo, dziko lonse n'kuiwerenga. Ntchito sinamuthere. Ndikuganiza kuti chinamupulumutsa si chifundo cha mabwana. Iye ankadandaula za kupanga zinthu bwino, ndipo dandaulo lotere kampani imapindula nalo.

Zinthu zinatembenuka mu 2018, antchito atayamba kufunsa kumene ndalama zikuchokera ndi kumene zikupita. Mu Epulo anthu oposa 3,000 anasaina kalata yokana Project Maven, ntchito yothandiza asilikali a America kuzindikira zinthu pa zithunzi zojambulidwa ndi ndege zopanda woyendetsa. Pofika Juni, Google inalengeza kuti siiwonjezera mgwirizanowo. Kenako kunaululika za Dragonfly, makina ofufuzira nkhani amene ankakonzera dziko la China, obisa zimene boma lakumeneko silifuna. Ndiye nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti Andy Rubin, amene anayambitsa Android, anachoka ndi madola 90 miliyoni ngakhale panali dandaulo loti anachitira wantchito nkhanza zogonana, mlandu umene iye amaukana. Pa 1 Novembala antchito pafupifupi 20,000 anaimitsa kaye ntchito n'kutuluka panja, kuyambira ku Tokyo ndi Singapore mpaka ku Dublin, London ndi Mountain View. Ananyamula zikwangwani atolankhani akujambula.

Mabwana sanachedwe kubweza. Mu Novembala 2019 mkulu wa kampaniyo, Sundar Pichai, anachepetsa TGIF kuti izichitika kamodzi pamwezi, nkhani zake zikhale za bizinesi, ponena kuti zokambidwa mumsonkhano zinkangotulukira kunja. Mwezi womwewo antchito anayi amene ankalimbikitsa anzawo kuyankhula anachotsedwa. Kampani inati anaphwanya malamulo osunga chinsinsi. Timnit Gebru, katswiri wobadwira ku Ethiopia, anachoka mu Disembala 2020 atasemphana ndi mabwana pa kafukufuku wake wonena za kuopsa kwa makina opeka mawu. Iye amati anachotsedwa, kampani imati anasiya yekha. Mwezi wotsatira antchito ena anakhazikitsa bungwe lawo, Alphabet Workers Union, poona kuti kudalira kukoma mtima kwa bwana sikutetezanso munthu.

Mu Epulo 2024 ena anakhala pansi m'maofesi a ku New York ndi Sunnyvale potsutsa Project Nimbus, mgwirizano wa madola 1.2 biliyoni umene Google ndi Amazon anapangana ndi boma la Israel. Apolisi anabwera kudzawatulutsa, anthu 28 anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, ena n'kutsatira pambuyo pake. Pichai analembera otsalawo kuti ofesi ndi malo a bizinesi, osati okanganirapo za ndale.