Kubereka mwa opaleshoni: ziwerengero, zifukwa ndi zoyenera kufunsa

Kubereka mwa opaleshoni, komwe kuchipatala amati cesariana, ndi pamene dokotala ang'amba mimba ndi chiberekero kuti atulutse mwana. Amatero ngati mwana wakhala mopingasa, njira yachepa, nsengwa yatseka khomo la chiberekero, mayi akutaya magazi ambiri, kapena mtima wa mwana ukusonyeza kuti watopa.

Ziwerengero

Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati ana 21 pa 100 aliwonse amabadwa mwa opaleshoni, pamene mu 1990 anali pafupifupi 7. Ku Brazil, Egypt ndi Turkey anawa amaposa obadwa mwa njira ya masiku onse. Koma m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi 5 okha, ndipo kuno ku Mozambique kafukufuku wa 2011 anapeza pafupifupi 4.

WHO inanena mu 2015 kuti imfa za amayi ndi makanda zimachepa chiwerengerochi chikamakwera mpaka 10 pa 100, koma kupitirira apo palibe umboni woti zimachepanso. Choncho kwina opaleshoni yanyanya, pamene kumidzi ngati ya Amaramba vuto ndi loti wofunika opaleshoni amafika mochedwa.

Kumene imachitikira

Opaleshoni imafuna chipinda chake, magetsi, magazi ndi wodziwa kupereka mankhwala ochititsa dzanzi kapena ogonetsa. N'chifukwa chake zipatala zing'onozing'ono zimatumiza amayi kuzipatala zazikulu monga cha Cuamba. Kuyambira 1984 dziko lino limaphunzitsa akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia, ndipo ndi amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma.

M'dzinja misewu ya m'mbali mwa nyanja ya Amaramba imavuta. Mayi amene anamuuza kusikelo kuti mimba yake ili ndi chiopsezo akadikirire kuchidikiro, casa de espera, masiku asanakwane. Amene anachitidwapo opaleshoni asaberekere kunyumba, chifukwa chipsera cha m'chiberekero chingang'ambike matenda akayamba.

Kuchita zinthu poyera

WHO imalimbikitsa zipatala kuwerenga maopaleshoni mwa njira ya Robson, yomwe imaika amayi m'magulu 10 poona zinthu monga kuti mimba ndi yoyamba kapena ayi, yakwana masabata angati, ndiponso mwana wakhala bwanji. Zikatero zimaoneka pamene opaleshoni ikuchuluka popanda chifukwa ndi pamene ikusowa.

Mayi ndi womudikirira ali ndi ufulu wofunsa kuti:

- Opaleshoniyi ikufunika chifukwa chiyani?
- Kodi pali nthawi yodikira, kapena ndi zadzidzidzi?
- Mimba ina itengedwe patapita nthawi yaitali bwanji, nanga adzaberekere kuti?

Chifukwa cha opaleshoni chilembedwe m'kabuku ka sikelo. Kabukuka n'kofunika kwambiri kwa mabanja a m'malire, chifukwa mayi wochitidwa opaleshoni ku Malawi angadzabereke mwana wotsatira kuno, ndipo mzamba amadalira zolembedwazo.

Kubereka m'zipatala za boma n'kwaulere. Wina akapempha ndalama kapena akakana kukufotokozerani, kadandauleni ku Gabinete do Utente kapena kukomiti ya pachipatalapo.