Khrisimasi Ziwiri pa Chilumba Chimodzi

Usiku wa Khrisimasi wa chaka cha 1492, chombo cha Christopher Columbus chotchedwa Santa María chinatitimira mu mchenga kumpoto kwa chilumba cha Hispaniola, chimene lero ndi maiko awiri, Haiti ndi Dominican Republic. Eni nthaka, anthu a mtundu wa Taíno, sanangoonerera tsoka la alendowo. Mfumu yao Guacanagarí inatumiza mabwato kukapulumutsa katundu. Ndi matabwa a chombocho anthu a ku Spain anamanga linga, nalitcha La Navidad, ndiye kuti Khrisimasi, ndipo anasiyamo amuna 39. Pamene Columbus anabwerera mu 1493 anapeza linga litapsa ndi amuna onse atafa, pakuti kulanda kwao golide ndi akazi kunali kutautsa mkwiyo wa eni dziko. Umo ndi m'mene dzina la kubadwa kwa Mpulumutsi linafikira ku maiko a America: linalembedwa pa linga la nkhondo.

M'zaka zotsatira atsamunda anakhazikitsa dongosolo lotchedwa encomienda. Mzungu ankapatsidwa gulu la eni nthaka kuti azimulimira ndi kumukumbira golide, ndipo iye, ati, aziwaphunzitsa chikhristu. Ife amene tinamva kwa makolo athu za thangata sitingavutike kumvetsa kuti ntchito yotere imatha bwanji. Anthu ankafa ndi njala, kutopa ndi matenda, pomwe mabwana ao ankadza ku Misa Lamulungu lililonse mtima uli zii.

Mu 1510 panafika ansembe a chipani cha Dominiko Woyera, mkulu wao ali Bambo Pedro de Córdoba. Ataona zimenezi anapemphera, nagwirizana pa ulaliki umodzi, nasankha Bambo Antonio de Montesinos kuti akaulalike m'dzina la onse. Linali tsiku la 21 Disembala 1511, Lamulungu lachinayi la Adventi, mu mzinda wa Santo Domingo, ndipo akuluakulu a chilumbacho anali m'tchalitchimo. Bambo Montesinos anayambira pa mau a Yohane Mbatizi, wofuula m'chipululu uja. Anawauza poyera kuti onse anali mu tchimo lalikulu chifukwa cha nkhanza zao, nawafunsa kuti ulamuliro wosandutsa anzao akapolo anautenga kuti, ndiponso ngati iwo aja sanali anthu oyenera kukondedwa monga munthu adzikondera mwini.

Bwanamkubwa Diego Columbus, mwana wa Christopher, anapita ndi anzake kukalamula kuti mau amenewa abwezedwe. Lamulungu lotsatira, patangopita masiku atatu chidyereni Khrisimasi, Bambo Montesinos anakweranso pa gome naonjezera kuti ansembe a chipani chake sadzamasula machimo a munthu wokana kuleka nkhanzazi. Mlandu unafika kwa Mfumu Ferdinand ku Spain, ndipo pa 27 Disembala 1512 anakhazikitsa Malamulo a ku Burgos, oyamba ofotokoza za kasungidwe ka eni nthaka a ku America.

Tisaikometse mbiriyi kuposa m'mene inaliri. Malamulowo sanathetse encomienda, ndipo nthomba imene inabuka mu 1518 inapulula ambiri mwa otsala. Bartolomé de las Casas, amene anatisungira ulaliki uja m'mabuku ake, anali wansembe wokhala nao anthu omugwirira ntchito mokakamizidwa kufikira pamene anawasiya mu 1514. Iye yemweyo nthawi ina anavomereza kuti m'malo mwa eni nthaka abweretse akapolo a ku Africa, chinthu chimene anadzachilapa pambuyo pake. Komabe mbeu inali itamera. Mu 1537 Papa Paul III analemba kalata yotchedwa Sublimis Deus, yonena kuti eni nthakawo ndi anthu enieni, osayenera kulandidwa ufulu kapena chuma chao, ngakhale asanalandire chikhulupiriro.

Tsono nchifukwa ninji mau amenewa anamveka pa khomo penipeni pa Khrisimasi? Chifukwa chake chili m'chinsinsi chimene timakondwerera. Mwana wa Mulungu anatenga thupi la munthu, ndipo potero anapatula thupi la munthu aliyense. Anabadwira m'dziko lolamulidwa ndi alendo, pa nthawi ya kalembera wa mfumu ya ku Roma. Anagonekedwa modyera ziweto. Oyamba kumva uthenga anali abusa ogonera kubusa. Munthu sangagwadire Mwanayo m'khola nkumaponda mnzake amene Mwanayo wamutcha mbale. Omanga La Navidad anali nalo dzina la Khrisimasi. Ansembe aja ndiwo anagwira tanthauzo lake.

Funso la Bambo Montesinos silinakalambe, ndipo likutipeza ife m'makomo mwathu. Mtsikana amene adzatiphikira mpunga ndi nkhuku pa tsiku lalikululi, kodi walandira malipiro ake, ndipo adzapeza mpata wopita ku Misa? Waganyu amene watipalira m'munda tamulipira zimene tinapangana, kapena tamuuza kuti abwere mawa? Sikelo yathu pogula mbeu za alimi ndi yoona? Mai wamasiye amene abale a mwamuna akumulanda munda, Mphakati wathu wamulankhulira? Kupereka mtolo wa zovala kwa osauka ndi chinthu chabwino, koma mphatso siilowa m'malo mwa ngongole. Chimene mnzathu ayenera kulandira mwa chilungamo tisachitche chifundo.

Nchifukwa chake, abale athu, tisanakongoletse khola la Mwana Yesu m'tchalitchi, tiyambe tabweza za eni ake, ndipo popita ku Sakramenti la Kulapa titchulenso machimo amene tachimwira antchito athu ndi anthu opanda owalankhulira. Tikatero, nyimbo zathu za usiku woyerawo zidzakhala zoona pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anansi athu.